Kodi telesikopu ya mu 1917 ikadali ndi ntchito masiku ano a foni zojambula mwezi?

"Ndine mphunzitsi wa fizikisi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Los Angeles ndipo wanditumizira tikiti kuti ndikamuone. Akuti adzanditengera kuphiri la Mount Wilson, kumene kuli makina akale oonera nyenyezi. Nditawauza ana a Folomu 4, mnyamata wina anandifunsa kuti, 'Aphunzitsi, mukaona chiyani pa chitsulo cha zaka zoposa 100, pomwe telesikopu ya James Webb ili kale kumwamba ndipo foni yanga imajambula mwezi?' Ndinasowa choyankha. Kodi malowa akuchitabe kafukufuku, kapena angosanduka nyumba yosungiramo zakale? Chinanso, ndikufuna ndibwereko ndi telesikopu yaing'ono ya sukulu yathu. Ndigule yotani, ndipo tingajambule nayo zithunzi?"

Aphunzitsi, mtima m'malo. Kusowa choyankha pa funso ngati limeneli si chamanyazi, chifukwa ngakhale eni ake a malowo anadzifunsapo funso lomwelo m'zaka za m'ma 1980, ndipo yankho lawo panthawiyo linali kutseka telesikopu yaikuluyo n'kukaika ndalama zawo ku Chile. Choncho mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Chimene sakudziwa n'chakuti telesikopu si chinthu chimodzi. Pali galasi losonkhanitsa kuwala, pali mpweya umene kuwalako kumadutsamo kusanafike pagalasi, ndiye pali chipangizo chimene chimalandira kuwalako kumapeto. Galasi silikalamba msanga, mpweya wa paphiri ndi womwe uja, koma cholandira kuwala chasintha kambirimbiri, ndipo chikasintha, phiri lonse limakhala ngati layambiranso moyo. Mbiri ya Mount Wilson yagona pamenepo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya telesikopu ndi kukuza zinthu. Kukuza n'kosavuta, kagalasi kakang'ono koikapo diso kamakuza. Ntchito yeniyeni ndi kusonkhanitsa kuwala, monga mmene timakingira madzi amvula: amene wakinga ndi beseni amapeza ambiri kuposa amene wakinga ndi kapu. Mwana wa diso lanu mumdima amatseguka pafupifupi mamilimita 7. Galasi la telesikopu ya Hooker, yaikulu ya pa Mount Wilson imene inayamba ntchito mu 1917, ndi lalikulu mainchesi 100, omwe ndi mamita 2.5, ndipo mukawerengera limasonkhanitsa kuwala kochuluka maulendo oposa 100,000 poyerekeza ndi diso. Samu imeneyi muwapatse anawo aiwerengere okha pabolodi. Kenako muwauze kuti galasi la telesikopu ya Hubble, imene yakhala ikuzungulira dziko kuyambira 1990, ndi la mamita 2.4, kutanthauza kuti ndi locheperako pang'ono kuposa la mu 1917 lija. Kagalasi ka kamera ya foni n'kakang'ono ngati diso lomwelo kapena kucheperapo. Mwezi kamaujambula chifukwa mwezi ndi wowala kwambiri, osati chifukwa foniyo yafika pa msinkhu wa telesikopu.

Amene anayambitsa malowa ndi George Ellery Hale mu 1904, ndi ndalama za bungwe la Carnegie Institution of Washington. Phirili lili m'mapiri a San Gabriel, pamwamba pa tauni ya Pasadena, pa mamita pafupifupi 1,740 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Hale mtima wake unali pa dzuwa, ndipo makina oyamba paphiripo anali oonera dzuwa. Mu 1908 anaonetsa kuti madontho akuda a padzuwa ali ndi mphamvu ya maginito, ndipo aka kanali koyamba kupeza mphamvu yotereyi kunja kwa dziko lathu. Chaka chomwecho telesikopu ya mainchesi 60 inayamba ntchito, ndipo ndi imeneyi imene Harlow Shapley anagwiritsa ntchito poonetsa kuti dzuwa lathu silili pakati pa mlalang'amba wathu koma cha kumbali. Ya mainchesi 100 inatsatira mu 1917. Galasi lake analiumba ku France, ku fakitale ya Saint-Gobain, ndipo linafika lili ndi tithovu tampweya tambirimbiri mkati moti poyamba analikana. George Ritchey ndi anzake anatha zaka akulipala ndi kulisalaza mpaka linakhala bwino. Limalemera pafupifupi matani 4, ndipo mpaka lero ndi galasi lomwelo. Chimene chimatha ndi utoto wonyezimira wa pamwamba pake. Poyamba ankapaka siliva, kuyambira m'ma 1930 anayamba kupaka aluminiyamu, ndipo ukazilala amauchotsa n'kupaka wina.

Nanga anasankhiranji phiri limeneli? Kutalika pakokha si chifukwa. Mukudziwa mmene msewu wa tala umaonekera masana a mu Okutobala, zinthu zakutsogolo zikuoneka ngati zikuvina. Zimenezo zimachitika chifukwa mpweya wotentha ndi wozizira zikasakanikirana zimapinda kuwala uku ndi uku. N'chimodzimodzi ndi nyenyezi: kuthwanima kumene ife timakukonda ndi mdani wamkulu wa wojambula. Pa Mount Wilson, mpweya wozizira wochokera kunyanja ya Pacific nthawi zambiri umakhazikika m'munsi, pamodzi ndi nkhungu ndi utsi wa mumzinda, ndipo nsonga ya phiri imatsala pamwamba pake mumpweya wodekha. Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti bwanji osamanga telesikopu pa Mulanje, poti Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002. Ndimawakumbutsa za chiperoni ndi mitambo imene imakuta phirilo. Wofufuza nyenyezi amafuna masiku ambiri opanda mitambo, mpweya wouma ndi wosagwedezeka, ndipo phiri lalitali lopanda zimenezi silimuthandiza.

Tsopano tibwere pa zojambulira, chifukwa ndi pamene funso la mnyamatayo lagona. Diso lili ndi vuto limodzi lalikulu: silisunga kuwala. Mutayang'ana kwa ola lathunthu simuona zambiri kuposa zimene munaona m'mphindi zoyamba diso litazolowera mdima. Ndiye ofufuza a nthawi ya Hale ankagwiritsa ntchito timagalasi taphanthiphanthi topakidwa mankhwala ojambulira zithunzi. Ankaika kagalasiko kumapeto kwa telesikopu n'kukasiya kakumwa kuwala kwa mphindi zambiri kapena maola. Panthawi yonseyi munthu ankakhala pamalo amodzi mumdima, nyumba ya telesikopu ili yotsegula, chisanu chikumulowa m'mafupa, diso lili pa nyenyezi imodzi yomutsogolera, chala chili pa batani lokonzera telesikopu ikapatuka pang'ono. Kukoleza moto kunali kosatheka chifukwa kutentha kukanasokoneza mpweya ndi galasi lomwe. Milton Humason, amene anayamba ntchito paphiripo monga woyendetsa nyulu zonyamula katundu, kenako wosesa, anafika pokhala katswiri wa ntchito imeneyi. Zithunzi zina ankazijambula usiku ungapo motsatizana: kukacha amatseka, usiku wotsatira amatsegulanso kagalasi komweko pa malo omwewo.

Kagalasi kamodzi kotere ndi kamene kanasintha zonse. Usiku wa pa 5 kuchera pa 6 Okutobala 1923, Edwin Hubble anajambula kamtambo ka Andromeda kwa mphindi 45. Pa kagalasiko anaika chilembo N pa tinyenyezi timene ankaganiza kuti n'tongophulika kumene. Atayerekeza ndi zithunzi zakale, anaona kuti kamodzi kamawala n'kuzilala mobwerezabwereza, masiku 31 aliwonse. Anafufuta N uja n'kulemba ndi inki yofiira kuti VAR! Inali nyenyezi ya mtundu wa Cepheid, ndipo nyenyezi zoterezi zili ndi khalidwe lakuti ikamatenga nthawi yaitali kuti iwale n'kuzilala, ndiye kuti ndi yowala kwambiri mwachibadwa. Ukadziwa kuwala kwake kwenikweni n'kuona mmene ikuonekera yozilala, umadziwa mtunda wake. Hubble anapeza kuti Andromeda ili kunja kwa mlalang'amba wathu, ndi mlalang'amba wina pawokha. Masiku ano tikudziwa kuti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutifike. Mu 1929, Hubble anaonetsa kuti milalang'amba yakutali ikutithawa mofulumira kuposa yapafupi, ndipo Humason ndi amene anapitiriza kuyeza liwiro la yakutali kwambiri.

Pano pali mfundo imene ndikufuna mukaifotokoze monyadira kusukulu kwanu. Khalidwe la nyenyezi za Cepheid analitulukira ndi Henrietta Leavitt wa ku Harvard, amene analengeza zotsatira zake mu 1912 atapenda zithunzi zojambulidwa ku Peru za mtambo waung'ono wa Magellan. Mtambo umenewu suoneka ku Mount Wilson chifukwa uli kumwera kwambiri, koma ku Dedza umaoneka ndi maso. Madzulo a mu Novembala kapena Disembala, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, mukayang'ana kumwera muona timitambo tiwiri totuwa tosasuntha ndi mphepo. Kakang'onoko ndi komweko. Mukatembenukira kumpoto, chapansi ndithu, muona Andromeda ngati kadontho kautsi. Ana anu angathe kuona zonse ziwiri usiku umodzi ali pabwalo la mpira, chinthu chimene Hubble sakanatha ali paphiri lake.

Timagalasi tojambulira tija tinali ndi chofooka chachikulu. Pa tizigawo 100 ta kuwala tofika pamenepo, timene tinkasiya chizindikiro tinali kamodzi kapena tiwiri basi. Kwinako kunkangotayika. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku Bell Labs anapanga kachipangizo kotchedwa CCD, kamene kamasandutsa kuwala kukhala magetsi owerengeka ndi kompyuta, ndipo analandira nako mphoto ya Nobel mu 2009. CCD yabwino imagwira mpaka tizigawo 90 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti telesikopu yakale ikalandira CCD imayamba kuona zinthu zimene kale zinkafuna galasi lalikulu kwambiri, popanda kukhudza galasi lake n'komwe. Kamera ya m'foni ya mnyamata uja ndi m'bale wake wa kachipangizo komweka. Kusiyana kwake, makamera a kafukufuku amaziziritsidwa kwambiri kuti kutentha kwa chipangizocho kusaoneke ngati nyenyezi zabodza, ndipo wofufuza amajambulanso zithunzi za mdima wokhawokha ndi za kuwala kofanana paliponse, kuti achotse zolakwika za kamerayo asanakhulupirire chimene waona. Foni imakongoletsa chithunzi kuti chikusangalatseni. Wofufuza amafuna nambala yoona ya kuwala pa kadontho kalikonse, ngakhale chithunzicho chisakongole. Komabe timagalasi takale sanatitaye. Ku Pasadena akusunga toposa 200,000, chifukwa palibe kamera yatsopano imene ingajambule mmene thambo linalili mu 1923.

Chimene chinagonjetsa telesikopu ya Hooker si ukalamba ayi, koma magetsi a mzinda wa Los Angeles. Umboni wake unaoneka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mzindawu unkazimitsa magetsi usiku poopa ndege za adani, ndipo Walter Baade anapezerapo mwayi wa mdimawo n'kujambula nyenyezi imodziimodzi pakatikati pa Andromeda, zimene zinali zisanathekepo. Nkhondo itatha magetsi anabwerera, mzinda unakula, ndipo thambo linayera. Kuyambira 1949 telesikopu ya mainchesi 200 ya pa phiri la Palomar, ku California komweko, inatenga ufumu. Carnegie inatembenukira ku Las Campanas ku Chile, ndipo bungwe la Mount Wilson Institute ndi limene linadzatenga udindo wosamalira malowa. Ndinene mosabisa: ma telesikopu awiri akale aja, ya mainchesi 60 ndi ya 100, masiku ano ntchito yawo yaikulu ndi kuphunzitsa ndi kuonetsa anthu. Amene akufufuza milalang'amba yozilala kwambiri sapitanso kumeneko.

Koma kafukufuku sanathe paphiripo, wangosintha mtundu. Magetsi a mumzinda amabisa zinthu zozilala, koma nyenyezi zowala saziphimba, ndipo kudekha kwa mpweya sakuwononga. Ndiye chimene Mount Wilson ikuchita bwino lero ndi kuona tsatanetsatane wa nyenyezi zowala. Njira yake inayambira pomwepo. Mu Disembala 1920, Albert Michelson ndi Francis Pease anamangirira mtanda wachitsulo wa mamita 6 pamwamba pa telesikopu ya Hooker, wokhala ndi timagalasi totalikirana, n'kuphatikiza kuwala kochokera ku timagalasito. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mafunde awiri akakumana amapanga mizere yowala ndi yakuda. Poona pamene mizereyo ikuzimiririka akamatalikitsa timagalasito, anayeza kukula kwa Betelgeuse, nyenyezi yofiirira ija imene ili pafupi ndi Akamwiniatsatana. Kanali koyamba munthu kuyeza kukula kwa nyenyezi ina kupatula dzuwa.

Mdzukulu wa mtanda umenewo ndi CHARA, ya yunivesite ya Georgia State. Ndi matelesikopu 6, iliyonse ya galasi la mita imodzi, omwazikana paphiripo ngati chilembo Y, ndipo awiri otalikirana kwambiri asiyana mamita pafupifupi 330. Mukakafika mukaona mapaipi akuluakulu odutsa pakati pa mitengo. Simudutsa madzi mmenemo, mumadutsa kuwala, ndipo mpweya anaupopamo kuti usakusokoneze. Mapaipiwo amakathera m'nyumba yaitali momwe muli timangolo toyenda pa njanji, tonyamula magalasi. Ntchito ya timangoloti ndi kuchedwetsa kuwala kwa telesikopu imene kwafika msanga kuti kudikire kwa inzake, ndipo dziko likamazungulira timangoloto timayenda pang'onopang'ono usiku wonse, kusunga kufanana kwa mitundayo molondola kuposa kuchindikala kwa tsitsi maulendo ambirimbiri. Zikatero, matelesikopu 6 aja amaona tsatanetsatane ngati galasi limodzi la mamita 330. Pa nkhani ya tsatanetsatane wa nyenyezi zowala, ngakhale James Webb, ya galasi la mamita 6.5, siifikako. Mu 2007 CHARA inatulutsa chithunzi cha nkhope ya Altair, nyenyezi imene imazungulira kamodzi pa maola osakwana 10, moti yafufuma pamimba n'kuphwatalala kumitu. Yajambulanso chimbale chafumbi chikudutsa kutsogolo kwa nyenyezi ya Epsilon Aurigae, ndi madontho pa nyenyezi ya Zeta Andromedae. Malire ake ndi akuti siingaone zinthu zozilala kapena zotambalala kwambiri. Imeneyo ndiyo ntchito ya Webb. Makina awiriwa sakupikisana, mafunso amene akuyankha ndi osiyana.

Ndiwonjezere kamodzi kamene ndimakakonda. Pa nsanja yoonera dzuwa ya mafiti 150, kuyambira 1917 anthu akhala akujambula madontho a padzuwa ndi pensulo papepala. Phindu lake lili pa kutalika kwa mbiriyo, chifukwa dzuwa limasintha pang'onopang'ono ndipo makina atsopano sangakupatseni zaka zimene sanaziwone.

Pa za ulendo wanu, mwana wanu ayambe wayang'ana patsamba la malowa pa intaneti musananyamuke, chifukwa nthawi zotsegulira zimasintha ndi nyengo, ndipo msewu wa Angeles Crest ndi wokhotakhota, umatsekedwa kukagwa chipale kapena kukabuka moto. Moto wolusa wa mu 2009 ndi wa mu 2020 unafika pafupi kwambiri ndi nyumbazo. Kuyang'ana usiku pa telesikopu zazikuluzo kumafuna kulembetsa nthawi ikadalipo ndiponso kulipira. Ngati mungakwanitse, chitani, ndalamayo siidzakuwawani. Tengani jekete lolemera ngakhale kumusi kukutentha. Kutalika kwa phirilo kusakuopseni poti sikusiyana kwenikweni ndi kwa Dedza, koma ngati muli ndi vuto la mtima kapena la kuthamanga kwa magazi, onanani ndi adokotala musanakwere ndege ya ulendo wautali chotere. Ndipo musayembekezere mitundu yowala ya pa zithunzi za Webb. Zithunzi zija n'za maola ambiri, zambiri n'za kuwala kumene diso siliona, ndipo mitunduyo amaiika pa kompyuta. Diso lanu lidzaona zotuwa, kupatula mapulaneti ndi nyenyezi zowala, koma mphete za Saturn kapena mpira wa nyenyezi masauzande ambiri pa galasi lalikulu chotero n'chinthu chimene chithunzi sichingakupatseni.

Pa za telesikopu ya sukulu, lamulo ndi lomwe lija: gulani kukula kwa galasi, osati nambala ya kukuza. Telesikopu zotchipa zolembedwa pabokosi kuti zimakuza ka 500 zilekeni, miyendo yake imanjenjemera ndipo ana amataya mtima usiku woyamba. Pazaka zimene ndakhala ndikuonetsa ana nyenyezi, imene sindinaione ikukhumudwitsa ndi ya mtundu wa Dobsonian, yooneka ngati chimpaipi chokhazikidwa pa kabokosi kozungulira, ya galasi la masentimita 15 kapena 20. Siifuna magetsi kapena batire, ndipo mwana wa Folomu 1 amaiphunzira madzulo amodzi. Vuto lake ndi kukula, choncho funsani za katundu wa pandege ndi msonkho musanagule. Zikavuta, ma binoculars a 10x50 angapo ndi abwino kuposa telesikopu imodzi yachabechabe. Gulaninso kachitsulo kogwirizira foni pa kagalasi koikapo diso. Mwezi mudzaujambula bwino kwambiri, makamaka usanakhale wathunthu, pamene mithunzi ya maenje ake ikuoneka. Jupiter ndi miyezi yake 4 ikuluikulu zimatheka. Pa mapulaneti jambulani kanema waufupi, kenako pulogalamu ya pa kompyuta isankhe zithunzi za nthawi imene mpweya unadekha n'kuziphatikiza. Milalang'amba yozilala imafuna makina otsatira kuzungulira kwa thambo, musayambire pamenepo. Pulogalamu yaulere ya Stellarium idzakuuzani chimene chili pamwamba pa Dedza usiku uliwonse. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, utsi wa kutentha tchire ndi fumbi zisanachuluke. Nyengo ya mvula isungeni pouma, yovindikira, chifukwa nkhungu imadya utoto wa galasi, ndipo wina asadzayese kulipukuta ndi nsalu.

Chenjezo limodzi ndikulinena mwamphamvu chifukwa mukugwira ndi ana. Telesikopu kapena ma binoculars zisadzaloze dzuwa, ngakhale kwa kamphindi. Galasi lomwe limasonkhanitsa kuwala kwa nyenyezi limasonkhanitsanso kutentha kwa dzuwa, ndipo limawotcha mkati mwa diso popanda ululu, kuwonongekako n'kukhala kwa moyo wonse. Timagalasi takuda tomangirira poikapo diso, timene timabwera ndi matelesikopu ena otchipa, timasweka ndi kutentha, titayeni. Magalasi a dzuwa a kumaso, galasi lodetsedwa ndi mwaye kapena filimu ya X-ray siziteteza. Chololedwa ndi sefa yopangidwira dzuwa yophimba kutsogolo konse kwa telesikopu, inu muli pomwepo. Masana itsekereni mu ofesi. Mwana akadzayang'ana dzuwa n'kuyamba kuona kadontho pakati pa zimene akuyang'ana, kapena mizere yowongoka ikuoneka yokhota, mupite naye kuchipatala cha maso tsiku lomwelo, musadikire kuti ziona kutha.

Telesikopu ikafika ndipo zithunzi zikuoneka zosalongosoka, kawirikawiri ndi magalasi amene asuntha pa ulendo ndipo akufunika kuwalunjikitsa. Musamasule zomangira mwachisawawa. Funsani kunthambi ya fizikisi ya yunivesite imene muli nayo pafupi, kapena lembani kalata ku South African Astronomical Observatory ku Cape Town, amene amayendetsa telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland ndipo ali ndi gawo lothandiza aphunzitsi ndi masukulu. Mwana wa m'kalasi mwanu amene angafune kupitiriza ndi maphunzirowa alimbikire samu, fizikisi ndi kompyuta, chifukwa ntchito yambiri ya wofufuza nyenyezi lero ili pa kupenda manambala ochokera ku makamera, ndipo matelesikopu olandira mafunde a wailesi ochokera kuthambo a MeerKAT ndi SKA ku South Africa, omwe Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko ogwirizana nawo, akufuna anthu otere a kuno kwathu.